Kutsimphina kwa Ba Dyton

Chitini choyamba chinagubuduka pansi pa windo, ndipo Tiwo anachidziwa kulira kwake asanasuzumire n'komwe. Chinali chimodzi mwa zitini za mafuta ophikira zija, zodula kukamwa, zimene bambo ake ankadzalamo timitengo kuseri kwa nyumba. Anakankha katani ndi chala. Ba Moven, mmisiri womanga nyumba wa mumzere mwawo momwemo, ankazula timitengoto kamodzikamodzi, kukutumula dothi pa bondo, n'kumaponya pamoto wa maliro pamene azibambo anazungulira.

M'chipindamo munali motentha ngati m'ng'anjo. Mipando yonse anali ataitulutsa, azimayi atadzaza pansi miyendo ili tambalale, ndipo pakona, pamatiresi, panali mayi ake a Tiwo, Ba Emelda, atafunda chitenje mpaka kumaso. Namfedwa sakweza mawu. Sagwira tsache, sagwira ndowa, satuluka pakhomo kufikira atametedwa, ndipo ngakhale kuchimbudzi amachita kuperekezedwa ngati mkaidi. Tiwo anamuika pambali pawo kuti aziwapatsa madzi, choncho nayenso anali mkaidi wachiwiri.

Dzanja linatuluka m'chitenje n'kumutsina pantchafu.

"Pita," ananong'ona mayi akewo.

Tiwo anadumpha miyendo ya azimayi a mvano, anatuluka.

"Ba Moven, ivo si nkhuni."

"Nanga ni vichani?" Ba Moven anakweza kamtengo kopanda ndi tsamba lomwe. "Vinafa kudala ivi. Vinatsogola kukabakonzela malo batate bako."

Azibambo anaseka chamumtima, kuseka kwa pamaliro kotulukira m'mphuno. Kunena zoona, Tiwo nayenso ankaona nkhuni. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo timitengoto tinali titayoyola masamba onse. Koma anakumbukira mmene bambo ake ankachitira akamawanyoza. Analanda kamtengoko, anakakanda khungwa ndi chikhadabo, ndipo mkati munaoneka mobiriwira, monyowa.

Ba Cephas, akulu awo a malemu, anayang'ana kuchokera pampando wa sofa umene unali utaikidwa panja.

"Ngati ni viwisi vileke, Moven, vizatipatsa chabe utsi. Iwe Tiwo, malo yako ni mukati."

Zitini zopanda kanthu zinali zitaunjikana kale pakhoma.

Malemuwo, Ba Dyton, bambo ake a Tiwo, anagwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Ibex Hill kuyambira Tiwo asanabadwe. Kumeneko ankameta kapinga ndi kudulira maluwa a mabwana, ndipo ndi komweko anagwera, paipi ya madzi ikali m'manja. Koma kwawo ku Mtendere sanadzalepo duwa la sitolo ngakhale limodzi. Iwo chawo chinali thengo. Akangomva kuti kwinakwake kupitirira Bauleni agawa mapuloti ndipo buludoza ikubwera, Lamlungu akaweruka kutchalitchi ankapita ndi thumba kukatola njere ndi kukumba timbande. Mpoza, nthudza, mpinjipinji, chitimbe, mphando, matowo, zonse zinkathera kuseri kwa nyumba, pakati pa chimbudzi ndi mpanda wa a neba. Ankati mtengo wa kuthengo umayamba wakula pansi, pamwamba umabwera pambuyo, ndiye usamaufulumirire.

Tiwo timitengoto sankatifuna ngakhale pang'ono. Ndi iye ankatitungira madzi kumpopi wa pamsika, zigubu mpaka khosi kuuma. Kusukulu ankamutcha mwana wa Ba Thengo. Ndiye panalinso kayendedwe kaja. Ba Dyton akamapita kuntchito ankayenda bwinobwino pang'ono, kenako n'kukoka mwendo wamanja, kuupotoza pansi, n'kupitiriza. Ana a mumzere ankawatsanzira kumbuyo, ndipo Tiwo akawaona patali ali ndi anzake ankakhota njira.

Paja pamaliro ndi pamene nkhani zimapsa kuposa ndiwo. Madzulo ake Tiwo atatumidwa kukatenga makapu kuseri, anapeza Ba Sophia, mlongo wawo wa malemu, akudula kabichi ndi azimayi ena, mutu uli pamodzi.

"Ine ninakamba kudala," ankatero Ba Sophia. "Munthu wa Mulungu asunga bwanji mitengo ya ng'anga panyumba? Mpoza uja, funsani amene baziba nchito yake."

"Na mwendo uja?" anafunsa wina.

"Anaponda vinthu. Uyenda mu thengo mwa bene, uganiza kulibe vamene banaikamo? Kuchipatala banapima, mwendo ulibe matenda."

Atamuona Tiwo anasintha nkhope nthawi yomweyo.

"Mwana wanga, wadya? Ona mwamene wayondela."

Atabwerera m'chipinda, Tiwo anafuna kukhala pamatiresi pafupi ndi khoma, koma mayi ake anamukankhira kumapazi. Mbali imeneyo inali yotumphuka, yolimba ngati pansi pake pali miyala, ndipo Ba Emelda sankasunthapo usana ndi usiku. Azimayi ankati ndi chisoni.

Anaika maliro Lachiwiri. Kumeta kunayenera kuchitika m'mawa mwake, koma azakhali aakulu a ku Chipata, amene ndiwo anayenera kugwira lumo, anatumiza mawu kuti afika Lachisanu madzulo. Choncho tenti inachotsedwa, anthu anabalalika, koma Ba Emelda anakhalabe pakona pawo.

Mabuloko ndiwo sanadikire azakhali. Anafika Lachitatu pa kalole, ndipo anawasanja pomwe panali moto.

Nyumba imeneyo anamanga ndi agogo a Tiwo, amene anachoka ku Ntcheu kalekale kudzafuna ntchito, osabwereranso. Ku Ntcheuko palibe ndi mmodzi yemwe wa m'banjamo amene angaloze kuti khomo lathu ndi ilo. Mudzi wawo wonse unali puloti yomweyo, ya ana atatu, ndipo Ba Dyton ankangokhalapo chifukwa anzawo anapeza kwina. Ba Cephas anaima pakhomo la chipinda, chipewa chili m'manja, n'kulankhula moyang'ana pansi.

"Mulamu, palibe amene akupishani kuti muchoke pano. Mumvele bwino. Koma Dyton ayenda, salale yake yayenda naye. Mwana ali ku sukulu. Kumbuyo kuja tingaikeko marumu yabili ya lendi, muzidyako. Moven azayamba kukumba pa Chibelu, Loweruka lino, tikasiliza kumeta."

Chitenje sichinagwedezeke.

"Bavomela," anatero Ba Sophia.

"Sibanakambe kanthu," anatero Tiwo.

"Namfedwa sakamba. Ndiye kuvomela kwake."

Ba Cephas anatembenukira kwa Tiwo. Sanali munthu woipa ayi. Kumanda analira kuposa aliyense, mpaka anachita kuwagwira.

"Unidyetse nthudza imozi yochokela mu chitini, nizaleka kumanga. Zaka zonse izi, mwadyapo chani?"

Tiwo anafunafuna m'mutu. Matowo okha ndiwo anaberekapo, ndipo ana a a neba ndiwo ankathyola akali aawisi.

"Vamene ufuna kusunga, upeze kovipeleka," anatero Ba Cephas. "Wamvela? Vosala Moven azavichosa."

Ndiye Tiwo anabwereka wilibala, anasanjamo zitini, nayamba kuzungulira Mtendere. Anayambira kwa Ba Namukolo, mnzawo wa mayi ake wa pamsika, amene ali ndi kabwalo kutsogolo kwa nyumba.

"Mwana wanga, nikumvela chifundo, koma ivo viitana njoka. Ndiponso bantu bakamba. Nili na bana bang'ono ine."

Kutchalitchi bwalo lonse anali atathira simenti chaka chathachi, anthu atasonkha mokondwera. Kusukulu, abambo osamalira pabwalo anasuzumira m'wilibala n'kufunsa ngati timatulutsa maluwa ofiira, chifukwa ahedi amakonda ofiira. Mayi wina wogulitsa makala analandira zitini ziwiri ndi manja awiri, Tiwo mpaka anagwada pothokoza. Pobwerera anapeza timitengo tili m'ngalande, zitini akupimira makala.

Mtendere yense anali makoma. Khoma, geti, khoma, kantemba, khoma lina lokhala ndi mabotolo osweka pamwamba. Tiwo anakulira momwemo koma anali asanaonepo kuti dothi lopanda mwini kulibe. Anabwerera ndi wilibala yodzaza, manja atatupa matuza, anatsitsa zitini pamalo pake, anazithirira madzi otsukira mbale.

"Wapeza?" ananong'ona mayi ake.

"Kulibe."

"Thirira basi."

"Nithilile chani, amai? Pa Chibelu bazavitaya." Anadzimva yekha kuti wakweza mawu, ndipo Ba Sophia kukhitchini anasiya kukwecha poto. Tiwo anatsitsa. "Imwe munakhala chabe zii. Munakakamba olo liu limozi."

Ba Emelda anangokhazikika bwino pambali yawo yotumphuka ija.

Loweruka m'mawa azakhali a ku Chipata anakhazika Ba Emelda pampasa kutsogolo kwa nyumba, anawameta mpala, anadulako tsitsi pang'ono kwa Tiwo ndi kwa abale ena. Lumo likuyenda kuno, kuseri piki inali itayamba kale. Ba Moven amalipidwa pa ntchito, osati pa tsiku, ndiye sachedwa.

Tiwo anapita kukaona, ngakhale anadziwa kuti sakanayenera. Zitini zing'onozing'ono anali ataziunjika pamsewu kudikira ngolo ya zinyalala. Zazikulu zinakana kunyamuka. Mizu inali itaboola pansi pa zitini n'kulowa m'nthaka, ndipo kamtengo kosafika ndi m'chiuno momwe kanali ndi muzu wonenepa ngati dzanja la mwana. Ba Moven ankatukwana chapansipansi, akudula ndi piki. Mpoza waukulu uja, umene Ba Dyton ankapachikapo jekete akamathirira, unagwa chagada pa mabuloko. Pofika nthawi ya tiyi, chingwe cha fandeshoni chinali chitakokedwa kuchokera kuchimbudzi mpaka kumpanda.

Kenako inafika nthawi yogawa zovala. Anayala chitenje pabwalo, Ba Sophia anakhuthulapo sutikesi ndi thumba la saka, abale anakhala mozungulira. Azakhali ankanyamula chimodzichimodzi n'kutchula dzina. Malaya oyera a kutchalitchi anapita kwa msuweni wa ku Chawama. Ovolosi inapita kwa Ba Moven, amene anabwera akupukuta manja. Jekete yabulauni ija, ya tsiku ndi tsiku, azakhali anaipereka kwa Ba Cephas.

Ba Cephas anaivala pomwepo monga mwa mwambo. Inawathina m'mapewa. Anapisa dzanja m'thumba lamanja, ndipo chala chinatulukira kunsi.

"Ah, Dyton," anatero akupukusa mutu, akumwetulira mwachisoni.

Msuweni wa ku Chawama anapisa m'thalauza limene analandira. Chala chinatulukanso. Wina anayesa lake. Chimodzimodzi, thumba lamanja lokhalokha. Anthu anayamba kuseka, ndipo Ba Sophia anaona mpata.

"Mulamu, zoona? Singano inasoba munyumba muno? Mwamuna ayenda na mathumba yobooka zaka zonse, mukazi alipo?"

Azakhali anatembenuza thumba la jeketeyo kunja, analiyandikiza kumaso. Bowolo silinali long'ambika. Linali lozungulira bwino, lokwana nsonga ya chala, ndipo m'mphepete mwake munali mopendera ndi ulusi wakuda, mosokedwa mosamala ngati bowo la batani.

"Ichi anachita kusoka munthu," anatero azakhaliwo.

"Ndinasoka ine."

Anali mawu oyamba a Ba Emelda omveka bwalo lonse chimwalirire amuna awo. Anali osasa, ngati chitseko chosatsegulidwa kawirikawiri. Anakhala mowongoka, mutu uli mbee padzuwa.

"Poyamba ndinkatseka. Iwo n'kumasula. Ine n'kutseka, iwo n'kumasula. Tsiku lina ndinati, ngati ndi choncho bweretsani ndikupenderereni, lisamakule."

"Kuti vichitike bwanji?" anafunsa Ba Cephas.

Ba Emelda anatambasula dzanja, anatola nsapato za malemu pamulu paja, anazitembenuza. Yamanzere inali ndi chidendene chake. Yamanja chinali chitadyeka mbali imodzi mpaka kufika pachikopa.

"Mwendo uja," anayamba Ba Sophia.

"Sankatsimphina," anawadula Ba Emelda.

Kuseri piki inagunda mwala.

"Tiwo, unawaonapo bambo ako akutsimphina m'nyumba muno? Kutchalitchi popita kukapereka chopereka?"

Tiwo anawaona bambo ake m'maganizo akuchoka pakhomo kupita kumpopi, zigubu ziwiri m'manja, akuyenda mowongoka ngati msilikali. Anawaona akuvina pa ukwati wa msuweni. Zinali pamaso pake moyo wake wonse.

Ba Emelda sanafotokoze zambiri. Anangoti munthu akagwetsa njere ayenera kuikwirira, ndipo pamsewu wa anthu sungayende ndi khasu, angakuyese wamisala kapena wakuba puloti. Ba Sophia anayang'ana kumbali n'kunena kuti komabe mitengoyo inali yokayikitsa. Ba Cephas anakhala nthawi atagwira thumba lija. Kenako anavula jekete, anaipinda, anaiika pamiyendo pa Tiwo.

"Yanithina," anatero. Anadzuka n'kupita kuseri kukaona ngati Moven wakoka chingwe mowongoka.

Alendo atachepa, Ba Emelda analowa m'chipinda, anakweza matiresi aja, anatulutsa kathumba ka ufa kakale komanga pakamwa. Anali atakakhalira masiku onsewo, chifukwa tsiku loyamba lomwe anamva Ba Sophia akufunsa kumene malemu ankasunga tinthu tawo kuti abusa adzatiotche. Anamasula. Munali njere zosakanikirana, zakuda zonyezimira za mpoza, zabulauni zaphanthiphanthi za chitimbe, zikuluzikulu za mphando, ndi zina zimene Tiwo sanazidziwe maina.

"Izi anali ataziviika kale m'madzi otentha, kuti khungu lifewe. Ankadikira mvula. Vala jekete, undiperekeze. Miyendo yanga yaiwala kuyenda."

Anatuluka pageti, kudutsa mulu wa zitini pamsewu. Tiwo sanauyang'ane. Jekete inamufika m'mawondo ndipo inkanunkha utsi ndi thukuta la bambo ake. Kumwamba mitambo inali itayamba kuunjikana cha kum'mawa, yakuda kunsi, koma kutentha kunali komweko.

Anatsata ngalande yaikulu, njira imene Ba Dyton ankadzera popita kuntchito. Tiwo anaidutsa njira imeneyo ndi wilibala masiku awiri apitawo, maso ali pa mageti a anthu. Tsopano mayi ake ankayenda pang'onopang'ono, osalankhula, akungoloza ndi mlomo. Pamphepete pa ngalande, pakati pa mapepala a pulasitiki, panali chitsamba cha chitimbe chimene mbuzi zinachidya mpaka kutsala zibonga, koma chikuphuka timasamba tofiirira tooneka ngati mapazi a ng'ombe. Patsogolo, pomwe paipi ya madzi imadontha, panali nthudza yofika m'mapewa, mayi wina atayanikapo matewera. Kuseri kwa kantemba wa ometa tsitsi kunali mpoza. Pa kamlatho, mtowo unali utakula mpaka kupereka mthunzi, ndipo pansi pake wosoka nsapato anali atayala katundu wake ngati anaubzala yekha.

Sinali yambiri. Pena ankayenda mtunda wautali osaona kanthu, makoma okhaokha.

"Zambiri sizimera," anatero Ba Emelda. "Zina nkhuku, zina madzi amakokolola, zina anthu amatchetcha. Ankadziwa."

"Nanga bwanji sibananiuze?"

"Unkakhota njira ukawaona."

Mayi ake sananene mokalipa. Anatapa njere m'kathumba, anazithira m'thumba lamanja la jekete, ndipo Tiwo anamva zikutsikira pansi, kulemera pantchafu. Anatseka bowo ndi chala kuchokera mkati.

"Pofewa pokha. Pamene madzi amaima pang'ono koma osakhalitsa. Usawerame."

Anali atafika pafupi ndi mpopi wa pamsika, pamene azimayi amafola ndi zigubu. Ba Namukolo anali pomwepo, ndi mayi wa makala uja, ndi atsikana awiri a m'kalasi mwa Tiwo. Onse anatembenuka kuona namfedwa wometedwa kumene akuyenda ndi mwana wovala jekete ya malemu. Pamphepete pa msewu, pomwe madzi otayika pampopi amathera, dothi linali lakuda.

Anachotsa chala. Njere inatsika m'mbali mwa mwendo, inagwa pafupi ndi phazi. Anakoka mwendo wamanja, anapotoza chidendene, anapitiriza.

Pamzere wa zigubu panadutsa kamphepo ka manong'onong'o.

"Mwaona? Yamugwila naye."

"Ninakamba ine. Vija vinthu siviyenda na munthu mmozi."

Tiwo anamva zonse. Anayenda pang'ono mowongoka, dzanja lili m'thumba, maso ali pansi kufunafuna pofewa. Atapapeza, anatsimphinanso.